Mbewa Yogona Chagada

Pa zaka zonse zimene ndidagwira choko, padali mfundo imodzi imene sindidaikayikire ngakhale tsiku limodzi. Mfundoyo idali yakuti mwana ndiye ayenera kupindika kuti agwirizane ndi chipangizo chimene wapatsidwa. Pensulo idali ndi kagwiridwe kake, desiki idali ndi kakhalidwe kake, ndipo dzanja lolembera lidali lamanja basi. Ndikukumbukira mnyamata wina wa Sitandade 2, m'chaka cha 1986, amene ankalemba ndi dzanja lamanzere. Tsiku ndi tsiku ndinkamuimirira kumbuyo ndi rula, ndipo akangoti wasamutsira pensulo kumanzere, rulayo inkatera pazala zake. Zilembo zake zidaipiraipira, iye adayamba kujomba, ndipo chaka chisanathe adaleka sukulu. Ine ndidauza aphunzitsi anzanga kuti mwanayo adali waulesi, nkhani n'kuthera pomwepo. Padapita zaka 37 mnyamatayo asanabwererenso m'maganizo mwanga, ndipo amene adamubweza ndi mdzukulu wanga.

Mdzukulu wangayu ndi mtsikana amene adabadwa ndi vuto la kuuma kwa manja. Zala zake n'zopindikira m'kati, ndipo akafuna kugwira kanthu kakang'ono dzanja limanjenjemera. Koma mutu wake ngwakuthwa zedi. Adaphunzira kulemba ndi cholembera chokulungidwa ndi mphira kuti chinenepe, adakhoza mayeso a Sitandade 8, nasankhidwa kupita kusekondale yoyendera ya kufupi ndi kwathu. Atalowa Folomu 3 m'chaka cha 2023, adasankha phunziro la makompyuta. Kutayipa ankatha, ngakhale pang'onopang'ono, pogogoda zilembo ndi chala chimodzi. Chimene chidamuvuta ndi kachipangizo kaja kotchedwa mausi, dzina lotanthauza mbewa, poti kali ndi thupi lofufuma ndiponso chingwe chonga mchira. Mbewa imeneyi munthu amaifumbata n'kumaikwekweretsa pathebulo kuti kamuvi kayende pagalasi la kompyuta. Kamuviko kakafika pamene akufuna, amadina batani ndi chala, mbewayo osaisuntha. Kufumbata, kukwekweretsa ndi kudina, zonsezi zimachitika ndi dzanja limodzi. Mdzukulu wanga akati adine, dzanja lonse linkagwedezeka, kamuvi n'kuthawira kwina.

Madzulo ena tili pakhonde adati, "Agogo, phunziro la makompyuta lija ndilisiya."

"Chifukwa ninji, mwanawe? Si iwe unalikakamira wekha?"

"Mbewa ija ikundikana, agogo. Anzanga amatsiriza ntchito ine ndikadasakabe potsegulira. Makompyuta ndi ochepa, ndiye akaona kuti ndikuchedwa amandiuza kuti ndipatse mpata ena."

"Limbikira, uzolowera," ndidatero ine.

Mtsikanayo sadayankhe. Adangoyang'ana zala zake, nazibisa m'manja a juzi lake. Kabisidwe kameneko ndidakazindikira. Umu ndi m'mene mnyamata uja ankabisira dzanja lake lamanzere pansi pa desiki akamva mapazi anga. Usiku umenewo sindidaone tulo.

Kutacha ndidaimbira lamya mwana wa mlongo wanga amene amakonza makina a masewera ku Johannesburg. Nditamufotokozera adati, "Malume, mwanayo asavutike ndi kufumbata. Pali mbewa ina yogona chagada, mpira wake uli pamwamba. Thupi lake siliyenda. Munthu amangopukusa mpirawo ndi chikhatho. Zopangidwira anthu ovutika manja zilipo m'sitolo, koma mtengo wake simungauthe. Ine ndili ndi mpira wakale umene ndinachotsa m'makina owonongeka. Ndibwera nawo pa Khirisimasi, koma kuulumikiza kukompyuta mudzachita nokha, poti masiku anga akumudzi ndi owerengeka."

Adabwera nawodi, pamodzi ndi mabatani awiri aakulu ngati zitsekerero za mabotolo a uchi. Chidali chibokosi chakuda chapulasitiki, pamwamba pake patatulukira mpira wolimba, wosalala, waukulu ngati lalanje. Dzina lake ndi trackball. Makina amene mpirawu udachokera ndi aja aatali ngati kabati, okhala ndi galasi kutsogolo, amene achinyamata a ku America ndi maiko ena ankaponyamo ndalama yachitsulo kuti asewere. Kampani ya Atari ndiyo idatchukitsa mipira yotereyi m'masewera monga Football wa 1978, Missile Command wa 1980 ndi Centipede wa 1981, m'mene wosewera ankalimbana ndi nankalizi wotsika kuchokera pamwamba pa galasi. Popeza makinawo ankapumphunthidwa ndi manja a anyamata kuyambira m'mawa mpaka usiku, mipira yake idapangidwa yolimba kwambiri. Chodabwitsa n'chakuti mpira wopukusawu ngwamkulu kubadwa kuposa mbewa. Akatswiri a ku Canada adali ataupanga kale mu 1952 kuti uthandize asilikali apamadzi kulondola zombo pagalasi, pamene mbewa yoyamba ya Douglas Engelbart, yomwe idali kabokosi kathabwa ka timagudumu tiwiri, idapangidwa mu 1964, ndipo anthu ambiri adamva za mbewa koyamba pachionetsero cha ku San Francisco mu 1968.

Komatu mpirawo pawokha udali wosalankhula. Kunsi kwake kudalendewera mawaya asanu ndi limodzi, opanda pulagi yoti n'kulowetsa m'kompyuta. M'makina ake akale mudali ubongo womva uthenga wa mawayawo, koma ubongowo udatsala ku Johannesburg. Pankafunika womasulira woti aime pakati pa mpira ndi kompyuta. Mwana wa mlongo wanga adandijambulira papepala kuti womasulirayo ali m'mimba mwa mbewa yamakedzana, ija yokhala ndi kampira kolemera kunsi kwake, chifukwa mbewa yotero ndi mpira wa masewera zimagwira ntchito mofanana ndendende. Atatero adakwera basi kubwerera, ine n'kutsala ndi pepala, mpira ndi mdzukulu wondiyang'anitsitsa.

Ine sindine katswiri wa zamagetsi. Nzeru zanga zidathera pa batire, babu ndi waya, zimene ndidaphunzira kukoleji ya aphunzitsi ndi kuphunzitsa ana a pulayimale. Choncho tidayamba ndi kutsegula chibokosi chija kuti tione za m'kati. Mpira udakhala pa tizitsulo titatu togudubuzika. Kamodzi n'kongochirikiza, koma tiwiri tinato tidayalidwa mopingasana: kena kamazungulira mpira ukapita kumanja kapena kumanzere, kena ukapita kutsogolo kapena kumbuyo. Kumapeto kwa kachitsulo kalikonse mwa tiwirito kuli kagudumu koboolaboola m'mphepete. Mbali ina ya kagudumu kuli kanyali kamene kuwala kwake maso a munthu sakuona, ndipo mbali inayo kuli timaso tiwiri tamagetsi toyandikana. Kagudumu kakamazungulira, kuwala kumadutsa pachiboo, n'kutsekeka, n'kudutsanso. Kuphethira kulikonse ndi phazi limodzi la kamuvi, kotero kuti kuwerenga kuphethirako ndiko kudziwa kutalika kwa ulendo.

"Nanga timaso tachitiranji kukhala tiwiri, agogo? Kamodzi sikangawerenge?" adafunsa mdzukulu wanga.

Funsoli lidanditengera usiku wathunthu. M'mawa mwake ndidamuyankha ndi fanizo. Tiyerekeze kuti m'mbali mwa njira yopita kudambo muli nyumba ziwiri, ina kumtunda ina kumunsi, ndipo iliyonse ili ndi galu. Munthu amene wagona m'nyumba usiku akamva galu mmodzi yekha akuuwa, adziwa kuti panjira padutsa munthu, koma sadziwa kumene walowera. Koma akamva kuti wayamba kuuwa ndi galu wakumtunda kenaka wakumunsi, adziwa kuti wapaulendoyo akutsikira kudambo; akayamba wakumunsi, ndiye kuti akukwera. Timaso tija ndi agalu awiriwo. Kamene kayambe kuona kuwala ndiko kamaulula kumene kagudumu kakulowera. Pamenepo mawaya aja tidawamvetsa: mmodzi wobweretsa magetsi, wina wobweza magetsi, awiri onyamula uthenga wa kumanja ndi kumanzere, ndi awiri onyamula uthenga wa kutsogolo ndi kumbuyo.

Kupeza mbewa yamakedzana kudali ntchito payokha. Kuyambira cha mu 1999 mbewa zowala kunsi, zomwe zilibe kampira kapena timagudumu toboolaboola, zidayamba kulanda malo, ndipo zakalezo zidatayidwa. Ndidayenda kwa okonza makompyuta angapo ku Limbe, ena akundiseka kuti mkulu uyu akufuna zinyalala, mpaka mnyamata wina adavundukula katoni ya zowonongeka n'kundipezeramo imodzi ya pulagi ya USB. Titaitsegula kunyumba tidapeza zonse zija zili momwemo, koma zazing'ono: timagudumu tiwiri, tinyali, timaso, ndi kachipangizo kakuda ka miyendo yambiri komwe ndiko ubongo wake, zonse zitamatidwa pakabolodi kobiriwira ka timizere tamkuwa. Ntchito yathu idali yochotsa timaso ta mbewa ndi kuwotcherera mawaya a mpira pamalo pamene timasoto tidali, kuti ubongo wa mbewa uziyesa kuti ukumvabe uthenga wa maso ake omwe.

Apa ndi pamene ndidalakwa. Tsiku limene ndidafuna kuyamba ntchito magetsi adali atazima, ndipo ine, pofunitsitsa kuonetsa mdzukulu wanga kuti agogo ake ndi munthu, ndidakabwereka chitsulo chowotcherera kwa mnansi wathu wokhoma zidebe. Ndidachiika pambaula mpaka chidapsa, ndipo ndidachigunditsa pakabolodi. Chitsulo chomatira ndowa n'chachikulu ndiponso chotentha mopitirira muyeso. Mtovu udasungunuka inde, koma timizere tamkuwa tidamatuka n'kupindika ngati tsitsi lowauka, fungo la pulasitiki n'kudzaza nyumba. Mbewa ija idafera pomwepo. Mdzukulu wanga sadanene kanthu; adangotola kabolodi kopsako, nakayang'ana, n'kulowa kuchipinda. Kukhala chete kwakeko kudandipweteka kuposa mawu. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika, ndipo ine amene ndidaphunzitsa mwambi umenewu kwa ana mazanamazana ndidaumva tsiku limenelo ngati wachilendo.

Padatha milungu itatu ndisanapeze mbewa ina. Ulendo uno ndidadzichepetsa. Ndidapita kwa bambo wina wokonza mawailesi pamsika, amene kale adali mwana wanga wasukulu, ndipo ndidamupempha kuti andiphunzitse. Iye adachita manyazi. "Aphunzitsi, ine ndiphunzitse inu?" Ndidamuuza kuti safunsa adadya phula, ndipo ine phulalo ndalilawa kale. Adandikhazika pabenchi masana awiri ndikuyeserera pabolodi la wailesi yakufa. Adandionetsa kuti nsonga ya chowotcherera iyenera kukhala yoyera, kuti waya amayamba wapakidwa mtovu asanamatidwe, ndi kuti chitsulo sichiyenera kukhalitsa pamkuwa kupitirira kamphindi. Adandilangizanso kuti ndisamawotcherere chingwe chili m'kompyuta, ndiponso kuti ndisamakhulupirire mtundu wa waya ndisanayeze. Potsiriza adandibwereka chowotcherera chake chamagetsi cha nsonga ngati pensulo, ndi mita yoyezera magetsi.

Tidagawana ntchito. Ine manja, mdzukulu wanga maso ndi kope. Tidalowetsa mbewa yotsegulayo m'kompyuta yam'manja ya amayi ake, ndipo ndi mita tidapeza kuti pakati pa waya wofiira ndi wakuda wa chingwe pali mavolti 5, mphamvu yoposa pang'ono ya mabatire atatu a tochi. Tidayezanso timiyendo titatu ta timaso: kapakati kadali ndi magetsi osasinthasintha, pamene tiwiri tam'mbali tinkachititsa singano ya mita kukwera ndi kutsika tikamazunguza kagudumu ndi chala. Timeneto ndito tidali tonyamula uthenga. Iye adajambula zonse m'kope, waya aliyense n'kumupatsa nambala yolembedwa pakatepi. Kenaka tidazula chingwe m'kompyuta, ndipo ine ndidachotsa timaso mosamala, kamwendo kamodzikamodzi. Mawaya anayi a uthenga ndidawawotcherera pamene padali timiyendo tam'mbali, ndipo awiri a magetsi ndidawalumikiza kwa wofiira ndi wakuda, ndikuonetsetsa kuti mtovu usadumphire pamzere woyandikana nawo n'kuchititsa shoti. Tizitsulo ta mpira tidali ndi dzimbiri. Tidatipukuta n'kudonthezera mafuta a makina osokera a agogo ake aakazi mpaka mpira udayamba kuyenda mwa myaa.

Itakwana nthawi yoyesa, mtima wanga unkagunda ngati wa mwana wodikira zotsatira za mayeso. Tidalowetsa pulagi. Utsi sudatuluke. Mdzukulu wanga adaika chikhatho pampira naukankhira kutsogolo, kamuvi n'kukwera. Adaukokera kumbuyo, kamuvi n'kutsika. Koma ataupukusira kumanja, kamuvi kadathamangira kumanzere. Ine thukuta lidatuluka. Ndidayamba kale kuganiza kuti ndaotchanso china, ndipo ndidatsala pang'ono kunena mawu aja akuti angozolowera, aziupukusa mobwerera. Ndisanatsegule pakamwa, iye adaseka kwa nthawi yoyamba m'milungu yambiri.

"Agogo, palibe chapsa. Mwangosinthanitsa agalu. Wakumtunda mwamuika kumunsi."

Adaloza m'kope mawaya awiri a kumanja ndi kumanzere. Tidazula pulagi, ndidawasinthanitsa, ndipo titayesanso kamuvi kadamvera. Fanizo lidali langa, koma amene adadziwa kuligwiritsa ntchito ndi iye.

Chotsala chidali mabatani ndi nyumba yake. Batani la mbewa ndi swichi chabe, yongolumikiza mawaya awiri ikadinidwa, monga ija ya batire ndi babu. Motero batani lalikulu lililonse tidalikokera mawaya awiri kuchokera pamiyendo ya kaswichi ka pakabolodi. Mmisiri wa matabwa wa m'dera lathu adatikhomera bokosi lolemera bwino kuti lisamatsetsereke, ndipo tisanaboole malo a mabatani tidamuuza mtsikanayo kuti aike manja ake pathabwa m'mene iye akumvera bwino, ife n'kulemba ndi pensulo mozungulira. Mpira udakhala kumanja, mabatani kumanzere, motalikirana. Apa ndi pamene padagona mankhwala a vuto lake lonse: dzanja lina limayendetsa kamuvi n'kuchoka pampira, ndipo linalo limadina ndi nkhonya yonse, kamuvi kali phee pamalo pake. Tidachepetsanso liwiro la kamuvi m'kompyuta momwemo kuti kunjenjemera kwa dzanja kusamakatengere kutali.

Bokosilo lili ndi zofooka zake. Ukaupukusa mpira mwamphamvu kwambiri, ubongo wa mbewa umalephera kuwerenga kuphethira konse, ndipo kamuvi kamadodoma kapena kubwerera m'mbuyo. Ndi lolemeranso kunyamula, ndipo fumbi likalowa pamafunika kutsegula ndi kupukuta. Koma lili ndi ubwino umodzi waukulu: kompyuta iliyonse imaliyesa mbewa wamba, kotero kuti silifuna pulogalamu yapadera. Ndidapita nalo ndekha kwa aphunzitsi aakulu kukapempha kuti mdzukulu wanga aziloledwa kulowa nalo m'chipinda cha makompyuta. Adaliyesa okha, napukusa mutu modabwa, n'kuvomera. Tsiku loyamba anyamata a m'kalasi adaliseka kuti ndi bokosi la opukuta nsapato. Pofika Lachisanu ankapempha kuti alipukuseko. Mtsikanayo phunziro lija sadalisiye, ndipo adapitirira nalo mpaka Folomu 4.

Inu ophunzira, pakati panu pali amene adzakhale aphunzitsi, anamwino, amisiri ndi akuluakulu a maofesi. Tsiku lina mudzaima pamaso pa munthu amene akulephera kugwiritsa ntchito chipangizo chimene ena onse akuchitha, ndipo mawu ofulumira kufika pakamwa adzakhala aja akuti limbikira, uzolowera. Kulimbikira n'kwabwino, ndipo mdzukulu wanga adalimbikira kuposa ana ambiri amene ndidawaphunzitsa. Koma musanatulutse mawuwo, yambani mwafunsa kuti cholakwika chili pamunthu kapena pachipangizo. Chipangizo adachipanga ndi munthu, poyeza dzanja lake kapena la anzake ofanana naye, ndipo chimene munthu adapanga munthu wina angathe kuchitsegula, kuchimvetsa ndi kuchisintha. Mbewa ndi mpira uja zidapangidwira ntchito zosiyana, ina ya m'ofesi wina wa masewera, ndipo zonse zidali zitatayidwa. Chidazilumikiza ndi kuleza mtima kofuna kudziwa zimene zili m'kati mwake.

Mnyamata wa Sitandade 2 uja lero ndi bambo wa zaka zoposa makumi anayi. Iye sankafuna mpira wochokera ku Johannesburg, kapena mita, kapena mtovu. Ankangofuna kuti mphunzitsi wake amukhazike kumapeto kwa desiki, mbali ya kumanzere, kuti chigongono chake chisamagundane ndi cha mnzake, ndi kumuleka kuti alembe. Zimenezo sizikadandidyera ngakhale tambala imodzi. Kabolodi kopsa kaja sindidakataye. Ndidakasunga m'kabati pamodzi ndi rula yanga yakale, ndipo ndikamva mpira ukugudubuzika kuchipinda cha mdzukulu wanga madzulo, ndimakumbukira mwana amene ndidamutcha waulesi.